Kodi msasa wa kutchire ungapulumutse mwana amene akuganiza zodzipha?

Funso: Ndine namwino. Ndinagwirapo ntchito pachipatala cha boma kwathu ku Malawi ndisanabwere ku Canada, ndipo pano ndili pa kachipatala ka m'mudzi wina wa anthu a First Nations, amene ndi eni nthaka a dzikoli, kumpoto chakumadzulo kwa chigawo cha Ontario, kumene timafikako pa ndege basi. Achinyamata odzivulaza ndi oganiza zodzipha amabwera pafupipafupi. Posachedwa ndinaona mnyamata wa zaka 15 amene ananena poyera kuti watopa ndi moyo. Dokotala amene tinamuimbira foni anati mwanayo sali pa ngozi yofulumira, ndipo abale ake ndi akuluakulu a m'mudzi anamutenga kupita naye kumsasa wa kutchire kukatchera maukonde. Ine mtima sunakhale m'malo, ndipo tulo tasowa. Pamsonkhano nditafunsa za ndondomeko yopewera kudzipha, mkulu wa zaumoyo anandiyankha mwaulemu kuti iwo amakamba za kulimbikitsa moyo. Kodi kumeneku si kuzemba vuto? Ng'oma, nsomba ndi utsi wa zitsamba zingachize bwanji kuvutika maganizo? Komanso ndine Mkhristu, ndipo miyambo yawo ina imandipatsa mafunso. Udindo wanga ndi uti, nanga ndi liti pamene ndiyenera kuumirira?

Yankho: Achemwali, pepani ndi mtolo umene mwasenza, ndipo zikomo polemba m'malo mongozisunga mumtima. Palibe chimene munalakwitsa pofunsa funso lija pamsonkhano. Anamwino ambiri ochokera kunja amene ndakhala ndikuwalangiza amafika ndi funso lomweli m'miyezi yawo yoyambirira, ndipo amene amafunsa ndi amene amadzagwira bwino ntchito. Mkulu wa zaumoyo uja sakuzemba vuto ayi. Midzi ngati umene muliwo yaika maliro a ana ambiri, ndipo njira imene yasankha ili ndi zifukwa zolimba. Koma msasa wa kutchire sulowa m'malo mwa ntchito yanu, ndipo alipo masiku ena amene mudzayenera kuima nji.

Ndiyambe ndi kumene bala linachokera, chifukwa osadziwa zimenezi zonse zimene mukuona zizikusokonezani. Kwa zaka zoposa 100 boma la Canada, mogwirizana ndi mipingo ya Katolika, Anglican, United ndi Presbyterian, linkachotsa ana a eni nthaka m'manja mwa makolo awo n'kukawaika m'sukulu zogonera komweko. Ana pafupifupi 150,000 anadutsa m'sukulu zimenezi, ndipo zomaliza zinatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, osati kalekale. Mwana ankalangidwa chifukwa cholankhula chinenero cha mayi ake. Ambiri anagwiriridwa, masauzande sanabwerere kwawo. Chanie Wenjack, mnyamata wa zaka 12 wa ku Marten Falls, kumpoto kwa Ontario komweko, anafa ndi njala ndi kuzizira m'mbali mwa njanji mu 1966 akuthawa sukulu ya ku Kenora kuti akafike kwawo. Miyambo ina inali yoletsedwa ndi lamulo la Indian Act mpaka 1951. Sukulu zija zitayamba kuchepa, ana anayamba kulandidwa mwa njira ina, kudzera mwa ogwira ntchito zosamalira ana, n'kumaperekedwa ku mabanja a azungu, zimene zimatchedwa Sixties Scoop. Ndipo m'dera lanulo muli bala lina laposachedwa. Ralph Rowe, wansembe wa Anglican amene ankayendera midzi imeneyo pa ndege yoyendetsa yekha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, makhoti anamupeza wolakwa pa milandu yambiri yogwirira anyamata. Anyamata a nthawi imeneyo lero ndi abambo, amalume ndi agogo a odwala anu.

Komiti yofufuza zimene zinachitika m'sukuluzi, ya Truth and Reconciliation Commission, imene inatsogoleredwa ndi Murray Sinclair, inamaliza ntchito yake mu 2015 ndipo inanena mosabisa kuti cholinga cha sukuluzo chinali kupha chikhalidwe cha mitundu yathunthu. Zotsatira zake ife timaziona kuchipatala. Munthu amene anakulira m'chipinda chogona ana ambirimbiri, wopanda womukumbatira akalira usiku, akadzabereka amavutika kulera, ngakhale amamukonda mwana wake ndi mtima wonse. Kafukufuku wa Amy Bombay ndi anzake anasonyeza kuti ana ndi zidzukulu za anthu amene anapita kusukulu zimenezi amavutika maganizo ndi kuganiza zodzipha kuposa anzawo amene makolo awo sanapiteko. Pamwamba pa zimenezi onjezerani za lero zimene mukuziona ndi maso anu: mabanja angapo kupanikizana m'nyumba imodzi, kukwera mtengo kwa chakudya, madzi osamweka. Anthu a m'mudzi wa Neskantaga akhala akuuzidwa kuti aziwiritsa madzi kuyambira 1995. M'midzi yambiri mwana wa zaka 13 kapena 14 amasiya makolo kupita ku Thunder Bay kapena ku Sioux Lookout kuti akaphunzire kusekondale.

Bungwe la Statistics Canada linapeza kuti pakati pa 2011 ndi 2016 anthu a First Nations ankadzipha mochuluka katatu poyerekeza ndi anthu ena a m'dzikolo, ndipo mwa magulu ena a eni nthaka, a Métis pafupifupi kawiri, a Inuit pafupifupi kasanu ndi kanayi. Ziwerengerozi n'zoona, koma zimabisa chinthu chimene ndikufuna muchigwire kuposa china chilichonse m'yankho lino. Akatswiri awiri a maganizo, Michael Chandler ndi Christopher Lalonde, anaunika midzi pafupifupi 200 ya First Nations ku British Columbia, n'kufalitsa zimene anapeza mu 1998. Anaona kuti imfa za achinyamata odzipha sizinafalikire mofanana. Zinaunjikana m'midzi yochepa, pamene m'midzi yoposa theka munalibe wachinyamata ndi mmodzi yemwe amene anadzipha m'zaka zimene anawerengazo. Ndiye anafunsa kuti kusiyana kwake kuli pati. Anayang'ana zinthu 6: ngati mudziwo ukudzilamulira, ngati ukumenyera nthaka yake, ngati ukuyendetsa wokha sukulu, zaumoyo, apolisi ndi ozimitsa moto, komanso ngati uli ndi malo ochitirapo za chikhalidwe. Mudzi ukakhala ndi zambiri mwa zimenezi, imfa zinkachepa, ndipo kumene zonse 6 zinalipo chiwerengero chinatsikiratu. Mu 2007 Darcy Hallett pamodzi ndi awiriwa anaonjezapo za chinenero: m'midzi imene anthu oposa theka ankatha kucheza m'chinenero cha makolo awo, achinyamata odzipha anali ochepa kwambiri.

Kafukufuku wotere amaonetsa zinthu zoyendera limodzi, satsimikizira kuti ichi ndicho chachititsa icho, ndipo anachitikira m'chigawo chimodzi. Komabe phunziro lake ine ndaliona likutsimikizika m'ntchito. Kukhala mwini nthaka si kumene kumapha mwana. Chimene chimaika mwana pangozi ndi kudukizidwa kwa chingwe chomulumikiza ku dzulo la anthu ake ndi ku mawa lake. Wachinyamata aliyense, wa ku Ontario kapena wa ku Dedza, amadutsa nyengo imene thupi, maganizo ndi anzake zonse zikusintha, ndipo amafunika china chomutsimikizira kuti munthu amene adzakhale zaka khumi zikubwerazi ndi iye yemweyo, woyenera kumudikira. Chikhalidwe chamoyo chimapereka chitsimikizo chimenecho. Chikaphwanyidwa dala, monga zinachitikira kumeneko, mwana amatsala alibe pogwira.

N'chifukwa chake mu 2015 bungwe la Assembly of First Nations, unduna wa zaumoyo wa Canada ndi mabungwe a eni nthaka, kuphatikizapo limene lero limatchedwa Thunderbird Partnership Foundation, anatulutsa ndondomeko yotchedwa First Nations Mental Wellness Continuum Framework. Muipeze ndipo muiwerenge, ndi imene mkulu wa zaumoyo uja akuimirapo. Imaika chikhalidwe pa maziko, ndipo imati munthu ali bwino m'maganizo akakhala ndi chiyembekezo, akamadziwa kuti ali ndi kwawo ndi anthu ake, akamaona tanthauzo la moyo wake, ndiponso akakhala ndi cholinga chodzukira m'mawa. Ife ku sukulu ya unamwino anatiphunzitsa kufunsa kuti munthuyu ali pafupi bwanji ndi imfa. Iwo akufunsanso kuti n'chiyani chikumugwira kuti akhalebe ndi moyo, ndipo tingachilimbitse bwanji. Pali chifukwa chinanso chimene akuluakulu amanena. Ana akamangomva misonkhano, zikwangwani ndi nkhani za pa wailesi zonena kuti iwo ndi mtundu wodzipha, amayamba kukhulupirira kuti ndiwo mapeto awo.

Tsopano taonani zimene zimachitika kumsasa ndi diso la namwino. Mnyamata uja amagona kukada n'kudzuka kukacha, zimene mwina sanachite kwa miyezi. Amadya chakudya chenicheni. Thupi limagwira ntchito. Foni ilibe netiweki, choncho zonyozana za pa Facebook ndi mauthenga a pakati pa usiku zimaleka kumufika. Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo kulibe. Amakhala pambali pa amalume ake, onse akuyang'ana ukonde osati kuyang'anana m'maso, ndipo anyamata ambiri amayamba kulankhula m'malo otere, osati pampando wa kuchipatala chitseko chili chotseka. Zambiri mwa izi ndi zomwe timalangiza munthu wodwala matenda a kukhumudwa, kungoti kumeneko zimabwera zonse pamodzi. Katswiri wina wa ku America, Thomas Joiner, anafotokoza kuti maganizo odzipha amakula munthu akamamva zinthu ziwiri: kuti ali yekha, ndiponso kuti ndi mtolo kwa ena. Mnyamata akakoka nsomba n'kukazipereka kwa gogo amene sangathenso kupita kunyanja, gogoyo n'kumutchula dzina ndi kumuuza kuti agogo ake aamuna ankatchera pamalo omwewo, zinthu ziwiri zija zimatsutsidwa popanda wina kunena mawu oti uphungu. Palibe piritsi limene lingachite zimenezo.

Muganizirenso mbali inayi, ya ndege. Kwa inu kumutumiza kuchipatala chachikulu kumaoneka ngati kumuteteza. Nthawi zina n'zoonadi. Koma ndaona kambirimbiri mwana akukwezedwa ndege usiku, akukhala tsiku limodzi kapena awiri pakati pa anthu osamudziwa, kenako akubwezedwa ndi kapepala kolemba kuti akaonane ndi mphungu amene amafika m'mudzimo mwa apo ndi apo. Akafika, mudzi wonse ukudziwa chimene anapitira. Ulendo wotsatira akavutika sabweranso kwa inu. Ndipo kwa agogo ake, kuona mwana akukwezedwa ndege ndi anthu a boma kumadzutsa zinthu zimene inu simungazione pankhope zawo.

Komabe pali nthawi zoumirira, ndipo apa musachite manyazi chifukwa ndinu mlendo. Ngati wachinyamata ali ndi njira imene wakonza ndipo chochitira chili pafupi, ngati wayesa kale posachedwa, ngati waledzera kapena wamwa mankhwala ozunguza bongo, ngati akumva mawu omulamula kapena wasokonezeka mutu, ngati wagawa katundu wake n'kumatsanzika anthu, ngati amene amamuzunza ali m'nyumba momwemo, kapena ngati palibe munthu wamkulu wodalirika woti akhale naye usiku wonse, ameneyo asachoke pamaso panu. Imbiraninso dokotala, nenani zimene mwaona ndi kumva m'mawu a mwanayo, ndipo lembani zonse m'faelo. Mukaona kuti dokotala pa foni sakuona zimene inu mukuona, nenani mosazungulira kuti simukugwirizana nazo ndipo mupemphe kuti aunikenso. Lamulo la Mental Health Act la Ontario limapatsa dokotala mphamvu yodzaza Form 1, yolola kuti munthu asungidwe kuchipatala mpaka maola 72 kuti aunikidwe. Chenjeraninso ndi mwana amene anali wosweka mtima kenako n'kukhala wodekha mwadzidzidzi popanda chimene chasintha, chifukwa nthawi zina kudekha koteroko kumabwera munthu atamanga kale mfundo.

Pa nkhani ya mnyamata wanuyu, poti dokotala anaona kuti sali pa ngozi yofulumira ndipo abale anadzipereka, ine sindikuona cholakwika kuti anapita. Chimene ndikanakonda ndi chakuti inu mukhale mbali ya ulendowo asananyamuke. Funsani mwaulemu: adzagona pafupi ndi ndani, ndipo munthuyo akudziwa zimene mwanayu ananena? Mfuti zosakira zikusungidwa ndi ndani? Pali foni ya setilaiti kapena wailesi yolumikizirana? Chitavuta usiku, atenga nthawi yaitali bwanji kufika kwa inu? Adzakuuzani ndani kuti abwerako? Atsogoleri a misasa amene ndagwira nawo ntchito sanyansidwa ndi mafunso amenewa akafunsidwa ndi mtima wothandizana, ndipo ambiri anawaganizira kale. Funso lomalizalo ndi limene limaiwalika. Mwana amabwera kuchokera kutchire nkhope itawala, n'kulowanso m'nyumba yomweyo, pa foni yomweyo, m'mavuto omwewo. Masiku oyamba atabwerako, ngati mmene zilili ndi masiku oyamba munthu atatuluka m'chipatala, ndi ofunika kumuona. Musadikire kuti abwere yekha.

Mukakhala naye, funsani mwachindunji: kodi ukuganiza zodzipha? Kafukufuku wasonyeza mobwerezabwereza kuti kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina watchula. Kulimbikitsa moyo sikuletsa funso limeneli. Mukafunsa, khalani chete n'kudikira. Ana ambiri a mitundu ya Oji-Cree, Cree ndi Ojibwe sakuyang'anani m'maso ndipo amatenga nthawi asanayankhe, zimene kwa iwo ndi ulemu, monganso kwathu. Musamulonjezetse kuti sadzazichita, malonjezo otere sateteza munthu. M'malo mwake lembani naye ndondomeko yodzitetezera, ngati ija anakonza Barbara Stanley ndi Gregory Brown: zizindikiro zimene iye amaona zinthu zikayamba kuipa, zimene angachite payekha, anthu ndi malo amene amamutsitsa mtima, amene angawauze zoona, ndi manambala oimba. Apa m'pamene njira ziwirizi zimakumana bwino. Pamndandanda wake pakhoza kukhala gogo, gulu la ng'oma, bwalo la hockey kapena galu wake. Lembani zimene iye watchula, m'mawu ake.

Za mfuti samalani kalankhulidwe. M'mudzi wa alenje mfuti ndi chakudya cha banja, ndipo mukanena kuti zichotsedwe m'nyumba mudzamveka ngati wapolisi. Pemphani kuti kwa kanthawi zikasungidwe kwa amalume kapena zitsekeredwe, zipolopolo zikhale kwina. Chimodzimodzi mankhwala a m'nyumba, kuphatikizapo a agogo: atsekeredwe, ndipo inu muzipereka ochepa pa nthawi imodzi. Nthawi imene munthu amafika pachimake pa maganizo odzipha kawirikawiri imakhala yaifupi, choncho chilichonse chomuchedwetsa chimapulumutsa.

Chinsinsi ndi nkhani yovuta m'mudzi waung'ono. Wotanthauzira akhoza kukhala azakhali a mwanayo, wolandira alendo pakhomo msuweni wake. Mufunseni mwanayo amene akufuna kuti akhalepo, ndipo mumuuze kuyambira pachiyambi zimene simungasunge: ngati moyo wake uli pangozi kapena wina akumuzunza. Ku Ontario muli ndi udindo wa lamulo wokanena mukakayikira kuti mwana akufunika chitetezo. Koma dziwani chifukwa chake makolo amanjenjemera akamva zimenezi. Kalembera wa 2021 anasonyeza kuti mwa ana osakwana zaka 15 oleredwa kunja kwa mabanja awo ku Canada, oposa theka anali a eni nthaka, pamene iwo sakwana 8 pa ana 100 alionse m'dzikolo. M'midzi yambiri ya kumeneko ntchitoyi ili m'manja mwa Tikinagan, bungwe la eni nthaka omwe, koma mantha akale sanathe. Mukayenera kunena, auzeni makolo pamaso ngati kutero sikuika mwanayo pangozi, osawabisira.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima, ndipo ndikufuna muchidziwe. Nkhani ya chikhalidwe isakhale pobisalira boma. Mu 2016 anthu a ku Wapekeka anapempha ndalama zolembera gulu la aphungu chifukwa ankaopa kuti atsikana ena agwirizana zodzipha. Ndalamazo sizinaperekedwe, ndipo mu January 2017 atsikana awiri a zaka 12 anamwalira. Chaka cha 2016 chomwecho, mu April, mudzi wa Attawapiskat unalengeza kuti uli pa ngozi anthu 11 atayesa kudzipha usiku umodzi. Midzi imeneyi sinapemphe ng'oma zokha. Inapempha aphungu, nyumba, madzi ndi sukulu. Pambuyo pa imfa za ku Wapekeka, bungwe la Nishnawbe Aski Nation, loimira midzi 49, linakambirana ndi boma mpaka kunabadwa pulogalamu ya Choose Life mu 2017, yodalira Jordan's Principle (mfundo yoti mwana wa First Nations alandire thandizo la boma limene akufunika popanda kuchedwa). Pulogalamuyi imalipirira ntchito zokonzedwa ndi midzi yokha za ana amene ali pangozi, kuphatikizapo misasa ya kutchire. Funsani ngati m'mudzi mwanu muli woyang'anira Choose Life ndipo mudziwane naye. Faelo yanu yolembedwa bwino, yosonyeza kuchuluka kwa ana amene akusowa mphungu, ndi chida chimene mfumu ndi khonsolo angagwiritse ntchito popempha thandizo.

Za chikhulupiriro chanu, palibe amene ayenera kukukakamizani kuchita mwambo umene mtima wanu ukukana. Pofukiza zitsamba mutha kuima mwaulemu n'kulola kuti chofukiziracho chikudutseni, anthu amamvetsa. Mudzapezanso kuti midzi yambiri ya kumpoto ili ndi Akhristu olimba, a Anglican ndi a Pentekoste, ena oimba nyimbo za Mulungu m'chinenero chawo usiku wonse, ndipo pena pamakhala kusagwirizana pakati pa iwo ndi osunga miyambo ya makolo. Mkangano umenewo ndi wa eni ake, inu musalowemo. Funsani wodwala aliyense kuti mphamvu amazipeza kuti, ndipo mutsate yankho lake. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musalalikire muli pa ntchito, ndipo musamuuze mwana kuti maganizo akewo ndi tchimo kapena ziwanda. Kwathu nkhani ya kudzipha imayenda ndi manyazi aakulu, mpaka mipingo ina siyimba maliro otere. Manyazi amenewo amatseka pakamwa ana, ndipo kwa anthu amene anavulazidwa m'dzina la tchalitchi amapweteka kawiri.

Kukulira ku Malawi kwakupatsani zinthu zimene anamwino ena amachita kuphunzira movutikira: kupereka moni musanayambe nkhani, kusadula mkulu pakamwa, kukhala pasiwa osafuna kudzaza chete ndi mawu. Zigwiritseni ntchito. Kwathu timati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti mudzaona zina zimene eni ake azolowera. Koma musafulumire kunena kuti ifenso tinalamulidwa ndi atsamunda ndiye tikumvetsa. Mbiri zathu zimafanana pena, koma ife tinatsala ndi zinenero zathu ndi dziko lathu, ndipo kwa iwo lero inu mwavala yunifolomu ya chipatala, chimene ambiri ali ndi zifukwa zochiopera. Chikhulupiriro chawo mudzachipeza pang'onopang'ono, pofika pa maphwando a mudzi, pa maliro, pa masewera a ana. Mukafuna nzeru kwa mkulu wosunga miyambo, m'midzi yambiri mwambo ndi kupereka fodya popempha, koma yambani mwafunsa wogwira ntchito wa m'mudzimo chifukwa si onse amatero.

Tsoka likagwa, mwana wina n'kudzipha, masabata otsatira ndi oopsa kwa anzake apamtima, chibwenzi chake, abale ake, ndi aliyense amene anayesapo kale. Khalani pansi ndi aphunzitsi, mkulu wa zaumoyo ndi akuluakulu, mutchule ana amenewo mmodzimmodzi, ndipo aliyense akhale ndi munthu womuyendera. Musalankhule za njira imene wamwalirira. Kumbukiraninso tsiku lokwanira chaka, ndi nthawi imene ophunzira akunyamuka kapena kubwera kuchokera kutauni.

Manambala awa akhale pakhoma ndi m'foni za ana. Hope for Wellness Helpline, 1-855-242-3310, imagwira usana ndi usiku kwa eni nthaka onse, ndipo munthu atha kupempha kulankhula mu Cree, Ojibwe kapena Inuktitut. NAN Hope, 1-844-626-4673, ndi ya midzi ya Nishnawbe Aski Nation. Nambala ya 988, imene inayamba mu November 2023, imalandira foni ndi mauthenga m'dziko lonse. Kids Help Phone ndi 1-800-668-6868, ndipo opulumuka kusukulu zogonera ndi mabanja awo ali ndi 1-866-925-4419. Ngati simunachite maphunziro a ASIST, ophunzitsa kuthandiza munthu amene akuganiza zodzipha, pemphani abwana anu akutumizeni, ndi a masiku awiri okha.

Inunso mwini mukufunika wokusamalani. Mwanena kuti tulo tasowa, ndipo nyengo yozizira ya kumpoto, ndi mdima wake wautali ndi kuitanidwa usiku, imafooketsa ngakhale anthu olimba. Pezani namwino mnzanu kapena mlangizi woti muzikambirana naye nkhani zolemera sabata iliyonse, ndipo masiku anu opuma muziwatenga onse. Mukaona kuti kusowa tulo kwapitirira masabata awiri, mukulota odwala anu, mukuopa kulira kwa foni, mwayamba kudalira mowa kapena mapiritsi kuti mugone, kapena simukumvanso kalikonse mwana akamalira pamaso panu, kaonaneni ndi dokotala kapena mphungu kudzera ku ntchito kwanu musanafike potopa kotheratu. Ndipo maganizo ofuna kudzivulaza akakufikirani inuyo, imbani 988 tsiku lomwelo.